Madzi Ali Kubafa

Lolemba

Kutentha! Ngakhale abakha a amake Rozina akana kutuluka pansi pa nkhokwe.

Lero ndabwerera kuchipatala cha othawa nkhondo, koyamba chichitikire maliro a amake Rozina. Ntchito ndi yomwe ija: odwala ochokera ku Mozambique alankhula Chisena, ine nditembenuza m'Chingerezi, Sisita Nenita alemba. Mphunzitsi wopuma ntchito aliyense amam'pezera chochita.

Sisita Nenita kwawo ndi ku Philippines. Zilumba zimenezo ndinazilozapo ndi ndodo pamapu zaka zambiri, osadziwa kuti tsiku lina zidzanditumizira nesi wamfupi wondilamula kuti ndizilankhula pang'onopang'ono.

Dzuwa litakwera kukulowa mayi wina. Nkhope ikuwala, madzi akadali m'tsitsi, fungo la sopo lili patsogolo iye pambuyo. Sisita akweza mutu, anunkhiza, ndi kufuula: "Ay, bagong ligo!"

Ndafunsa, poti kufunsa ndi matenda anga. Akuti ndi chilankhulo cha kwawo, Chitagalogi. Bagong, chatsopano. Ligo, kusamba. Munthu amene wangotuluka kumene kosamba. Ndati, basi? Akuti ayi, si basi. Kwawo ukauza munthu kuti akuoneka ngati wangosamba kumene, wamuyamikira kuposa kumuuza kuti wavala bwino. Wosauka ndi wolemera onse angaulandire ulemu umenewu, bola ndowa ndi sopo.

Akutinso anabwera ndi kachikho kawo kosambira, kapulasitiki, dzina lake tabo. M'sutikesi! Kuwoloka nako nyanja! Ndaseka kwambiri. Ngati kuno ku Mlolo kulibe zikho.

Kenako atembenuka kuyang'ana ine. Kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Angoti, "Wotsatira alowe."

Ndamva.

Zoona zake n'zakuti chimwalirire amake Rozina sindinasambe kusamba kwenikweni. Kumaso, m'khwapa, mapazi, ndi kapu imodzi, kuseri kwa nyumba. Si ulesi. Kungoti zaka zonsezi kusamba kwanga kumayamba ndi mawu pakhomo: "Madzi ali kubafa." Ndimadikira mawuwo. Sabwera. Dzuwa limangolowa.

Ndipo Rozina akubwera Lamulungu pa sitima. Ponyamuka, maliro atatha, anandiuza pamaso pa anthu: "Ababa, ndikadzakupezani mukuoneka ngati nyumba yosamukamo anthu, tidzakwera limodzi sitima ya ku Limbe. Musadzati sindinanene." Mwanayu anatengera mayi ake. Akanena wanena.

Ine ku Limbe ayi. Manda ali pano. Mtengo wake wa mango uli pano. Abakha ake, amene sandikonda, ali pano.

Ndiye dongosolo ndi ili:

1. Kukonza bafa.
2. Kugula sopo wonunkhira.
3. Kutunga madzi ndekha. Ndekha!
4. Kusamba tsiku lililonse, ngati anthu a kuzilumba.
5. Kumva Sisita Nenita akundinenera mawu aja ndi pakamwa pawo, osapemphedwa.

Chachisanucho ndiwo mayeso. Ndikakhoza kwa nesi wochokera kudziko la anthu osamba, Rozina alibe pondigwirira.

Ndili ndi mwayi kawiri: Lachitatu ndi Lachisanu, masiku anga a kuchipatala. N'zosavuta!

Lachiwiri

Bafa. Lero ndiye ndaliona bwinobwino.

Mbali ya kum'mawa anadya ndi mbuzi za a Zuze, anansi anga asodzi. Mbali ya kumsewu yapendekeka ngati ikufuna kumva zimene odutsa akunena. M'kati mwamera bonongwe wofika m'mawondo. Mwala wotsukira mapazi ulipo. Chikho cha amake Rozina chili pomwe anachikoleka, ndipo kangaude wakhazikikamo ndi banja lonse. Ndamupempha kuti asamuke.

Ndinawerengapo buku lonse la momwe Aroma akale ankamangira nyumba zosambiramo, zokhala ndi madzi otentha oyenda pansi pa miyala. Za bango ndi mlaza munalibe ndi tsamba limodzi lomwe. Ndamanga choncho. Laima. Ndikapanda kulipumira, liima.

A Zuze, mutu pamwamba pa mpanda: "Aphunzitsi, khola limeneli ndi la chiyani?" Akufuna kundithandiza. Ndakana. Mayeso salemberana.

Masana kumsika, kukagula sopo. Pachipata anyamata a chipani: "Khadi, madala." Khadi la chipani! Ankasunga ndi amake Rozina, monga china chilichonse m'nyumba muno. Ndabwerera padzuwa lonse lija.

Zimene ndapeza pofufuza khadi:

magalasi anga amene anasowa chaka chatha;
singano zokwanira mudzi wonse;
kiyi wa loko amene tilibe;
shuga wobisidwa m'chitini cha tiyi, ndipo ndikudziwa amene ankam'bisira.

Makhadi ali m'chitini cha mbewu za maungu. Awiri, langa ndi lake, omangidwa ndi ulusi umodzi. Lake likugwirabe ntchito mpaka chaka chithe. Ndakhala pansi pang'ono. Kenako ndamasula ulusiwo.

Kugolosale ndanong'ona kuti ndikufuna sopo wonunkhira, uja wokutidwa m'pepala la duwa. Mwini golosale sadziwa kunong'ona. "Wonunkhira, Aphunzitsi? Wochapira uja mwatopa naye?" M'golosalemo muli Mayi Tomasi, amasiye ogulitsa nsomba zouma. Ayang'ana sopo. Ayang'ana ine. Akonza duku.

Anthu aulemu kwambiri, Mayi Tomasi. Andiperekeza ndi maso mpaka pa mlambe.

Lachitatu

Mayeso oyamba.

M'mawa kumjigo ndi ndowa. Amayi onse anali pakati pa nkhani yokoma, koma nditangofika, zii. Wina akuti, "Aphunzitsi, mukanatuma." Kutuma ndani? Andipatsa malo kutsogolo kwa mzere ngati wodwala. Ndapopa ndekha. Nkhata ndapanga ndi malaya akale. Andisenzetsa awiri, akuluma milomo.

Sindinadziwe kuti madzi pamutu amakhala ndi maganizo awoawo. Iwe kumanja, iwo kumanzere. Pofika kunyumba theka lili mundowa, theka kumsana kwanga. Kumbuyo kuseka kwaphulika ndisanafike ndi pa mpanda wa tchalitchi pomwe.

Kusamba. Sopo wa duwa uja akukana kuchita thovu! Akungoterera pathupi ngati therere. Ndalawa madziwo: mchere wokhawokha. Nditauma, thupi lonse mizere yoyera. Bakayawo weniweni, nsomba youmika ndi mchere ija, wongosowa womugula.

Koma madzi a amake Rozina sanali otere. Anali ofewa, ochita thovu. Ndafunsa a Zuze pampanda. Akuti a kumjigo ndi otsukira mbale basi. Osamba iwo ankakatunga kumchenga wa mtsinje wa Ruo, amafukula kachitsime m'mamawa dzuwa lisanapse. Ku Ruo! Ine ndinkangomva kuti madzi ali kubafa, ngati amamera momwemo.

Ndavala malaya oyera, ulendo kuchipatala. Pofika pa mlambe malaya amata kumsana. Pofika pasukulu thukuta lasakaniza mchere wa mjigo ndi wanga. Ndalowa mwaulemu, ndaima pafupi ndi tebulo, pafupi kuposa masiku onse, kuti mphepo iwathandize.

Sisita andiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwatuwa. Mukutsegula m'mimba?"

Andilowetsa choyezera kutentha m'kamwa. Andipatsa kapu ya madzi a mchere ndi shuga. Mcherenso! Ndamwa wonse, iwo ataima pompo.

Popuma ndawafunsanso za mawu aja, ngati wongocheza. Akuti kwawo kumatentha ngati kuno, ndipo anthu amathithikana m'timagalimoto, bondo pa bondo. Ndiye munthu amasamba asananyamuke, ena kawiri pa tsiku. Sasambira iye yekha. Amasambira amene akakhale naye pafupi. Mayi awo ankaima pakhomo m'mawa kununkhiza mutu wa mwana aliyense asanapite kusukulu, ndipo wolephera ankabwezedwa kundowa.

Kenako, maso ali pamabotolo awo: "Kwathunso m'nyumba mukakhala maliro, achibale sasambiramo mpaka thupi litatuluka. Ena amachedwa kuyambanso. Wofedwa sitimufulumiza."

Ndiye akudziwa. Anadziwa Lolemba lomwe.

Pobwerera ndakumbukira kuti amake Rozina analinso ndi mawu awo. Ndikatuluka kubafa, thaulo m'khosi, iwo osakweza ndi mutu womwe pa ntchito yawo: "Eya, tsopano mwakhala munthu." Tsiku lililonse. Ndinkayesa chipongwe cha m'banja. Kani ndi Chitagalogi cha kwathu kuno.

Zotsatira za lero: walephera. Abwereze.

Lachinayi

Ndalowa kubafa m'mawa kukaona ngati likadaimirira. Ndowa zitatu!

Yabuluu, yodzaza mpaka pakamwa, masamba akuyandama pamwamba.
Yachitsulo, madzi ake ofunda. Ofunda, mwezi uno!
Yachitatu yakale, yotsekedwa phula pansi, pambali pake chinkhupule chatsopano.

Ndalawa zonse. Madzi a ku Ruo, okoma. Ndati, taonani chikondi cha Akhristu! Ndayamba kumasula mabatani.

Mwamwayi a Zuze anali pampanda. Aseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. "Shamwali, nkhabe, ayi! Valani! Mkazi amaika madzi kubafa kwa mwamuna wongodutsa?"

Ndikudziwa. Ndinabadwira konkuno, ndikudziwa bwino lomwe. Ndinangoiwala kuti tsopano nkhani zoterezi zikukhudza ine.

Malinga ndi a Zuze, mudzi wonse wawerengetsa kale: sopo wonunkhira Lachiwiri, kumjigo Lachitatu, malaya oyera pakati pa sabata. Yankho: Aphunzitsi akufuna banja. Yabuluu ndi ya Mayi Tomasi. Yofunda ndi ya mlongo wa akatekisiti, amene sanakwatiwepo. Yachitatu palibe akuidziwa mwini wake, ndipo akuti yoopsa kwambiri ndi imeneyo. Ndikasamba imodzi, ndiye kuti ndamuyankha mwini wake.

Ndingathire pa mango? Akuti amenewonso ndi mayankho, achipongwe. Ndingabweze? "Muyende ndi ndowa mpaka pakhomo pa Mayi Tomasi, masana, anthu akuona? Ndiye ukwati tingoulengeza Lamulungu."

Ndakhala pakhonde ndi buku. Madzi okoma ndowa zitatu m'bafa langa, ine thupi likunyerenyetsa ndi mchere wadzulo. Ndinawerengapo za munthu wina wakale amene analangidwa kuima m'madzi osaloledwa kumwa. Ndinkayesa n'zopeka.

Masana afika alamu anga a Julita, akulu ake a amake Rozina, ndi mbale ya chakudya monga achitira tsiku lililonse chichitikire maliro. Sanaike mbale pansi. Apita molunjika kubafa. Awerenga ndowa. Atola sopo, anunkhiza.

"Alamu, pamanda a mng'ono wanga sipanamere ndi udzu womwe, inu sopo wamaluwa?"

Ndayesa kufotokoza. Ndayambira pa zilumba. Ndanena za timagalimoto tothithikana, za mayi wonunkhiza mitu, za tabo. Ndati cholinga changa chonse n'chakuti Sisita Nenita andinunkhize ndi kunena mawu awiri okha.

Chiganizo chimenechi ndikanachikonza bwino.

"Ooo! Ndiye ndi nesi uja!"

Apita. Ndi mbale yomwe. Munali nsomba, ndinaimva fungo.

Madzulo phokoso kubafa. Abakha apeza pobowoka mbali ya mbuzi ija. Tambala wawo wamkulu ali m'ndowa yabuluu, akukupiza mapiko, akudzithira kumsana, chimwemwe chokhachokha. Watuluka akunyezimira, wadutsa pamaso panga monyada.

Bagong ligo.

Kaya ndiye kuti wawayankha Mayi Tomasi, sindikudziwa.

Lachisanu

Mwayi wotsiriza. Lamulo lachitatu, lotunga ndekha, ndalisintha pang'ono: ngati madzi sangabwere kwa ine popanda ukwati, ndipita ine kumadzi.

M'mawa kudooko la amuna pa Ruo, ndi a Zuze. Iwo aima pamwala ndi mponda, mtengo wokankhira bwato lawo, akumenya madzi kuopseza ng'ona. Akuti pamalopa sipanagwidwe munthu chaka chino. Mawu akuti "chaka chino" akanawasiya.

Koma madzi ake! Ozizira mpaka m'mafupa. Thovu lenileni, loyera, lonunkhira duwa losadziwika. Ndatsuka mapazi pamwala. Ndatsuka kuseri kwa makutu ngati mwana wa sukulu tsiku loyendera. Ndapezeka ndikuimba. Nyimbo ya kwaya imene amake Rozina ankaiyamba mokweza kwambiri mpaka anzawo kulephera kuifikira. Inenso ndalephera.

Kenako a Zuze afuula, "Icho!" Chinali chipika. Koma sopo anali atalumpha kale m'manja mwanga.

Ndamuona akupita. Ruo athira mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja yamchere, ndipo ukaoloka nyanjayo, kupitirira ndithu, ufika kuzilumba za kwawo kwa Sisita. Ukafike bwino, sopo wanga. Kumeneko akakudziwa ntchito yako.

Zilibe kanthu, ndasamba! Kuti thukuta lisandipeze, a Zuze andikweza pakaliyala wa njinga yawo. Katsitsi kamene kamera chimetereni pamaliro ndakasiya konyowa, chipewa pamwamba kuti kasaume. Iwo akupalasa, akutukwana mchenga m'Chisena, ine kumbuyo ngati mkwatibwi, manja m'mwamba kuti m'khwapa mupite mphepo.

Tafika. Ndavula chipewa. Madzi akutsika m'khosi. Ndikudzimva ndekha fungo. Ngati pali tsiku limene munthu anakhala bagong ligo m'chigwa chino, ndi lero, ndipo munthuyo ndine.

Wosesa pakhonde: "A Sisita kulibe. Apita kuboma kukatenga mankhwala. Abwera mawa usiku."

Ndaima pamenepo. Odwala pabenchi akuyang'ana mapazi awo. Ndayenda uku ndi uku pamaso pawo kawiri. Agogo ena andifunsa ngati ndataya chinthu.

Pomaliza ndaima pa zenera la chipinda cha mankhwala, ndadziyang'ana pagalasi, ndanena ndekha motsitsa: bagong ligo. Sizigwira. Zili ngati kuodira pakhomo pako pomwe, m'nyumba mulibe munthu.

Pobwerera takumana ndi apampando a chipani. Amuna onse kumsewu, kukwirira maenje, sabata yamawa kudutsa mlendo wamkulu. Palibe wokana. Za mlendoyo ndalemba zokwanira. Andipatsa khasu, a Zuze fosholo. Aliyense woponya dothi amaponyera kumene kuli mphepo, ndipo mphepo imadziwa kumene kuli ine.

Ndafika kunyumba ngati chulu choyenda. Ndowa zitatu zija zapita. Mayi Tomasi akuti anapezamo nthenga m'yawo, ndipo sanandipatse moni pamsewu.

A Julita sanabwerenso ndi mbale. Ndadya mango aawiri, osapsa bwino.

Loweruka

Sisita kulibe, ndiye mayeso afa. Koma Rozina afika mawa. Ndikhoza kumuonetsabe bambo woyera, bafa loima, nyumba yosesa. Lero kuyeserera komaliza.

Kumjigo. Amayi sanandipatsenso malo kutsogolo. Ndafola ngati wina aliyense, ndipo ndaona kuti n'kukwera udindo. Ndafika ndi madzi opitirira theka! Sopo ndi wochapira, chidutswa chimene ndachipeza pawindo.

Masana ndalowa kubafa. Ndakoleka zovala pa mbali ya kumsewu, buluku, malaya, lamba, thaulo, zonse pamodzi. Aroma akanandichenjeza.

Ndili chinjutire, sopo kumaso, kwabwera kamphepo. Kamphepo chabe. Ndamva mlaza ukuti thaa, kenako mbali yonse ya kumsewu yandigwera pamsana, mbali ya mbuzi yatsatira mnzake, ndowa yagubuduka. Ndili pansi pa bango ngati nkhuku yovundikiridwa ndi dengu. Zovala zili kunja, pamwamba panga.

Ndipo ndikumva mawu pabwalo. A Julita: "Si izi ndimanenazi. Ona wekha."

Mawu achiwiri ndawadziwa asanamalize.

"Ababa? Muli moyo m'menemo?"

Rozina! Loweruka! A Julita anatumiza uthenga ndi anthu a sitima Lachinayi lomwelo, kuti bambo ako akukwatira, akazi anayi ali pamzere, mmodzi wa kunja. Mwana wasiya ntchito, wasiya ana, wakwera sitima yoyamba.

Munthu ungatani? Ndayankha kuchokera pansi pa bango: "Ndili bwino, mayi. Mwayenda bwanji? Ana mwawasiya bwanji? Nanga bambo awo?" Wayankha zonse, mmodzimmodzi, ataima kutali, atafulatira. Tinamulera bwino. Kenako wathamanga kukaitana a Zuze.

A Zuze andifukula. Sanaseke. Ndiwathokoza mpaka kufa, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka.

Mlandu pansi pa mango. Woweruza Rozina, wodandaula a Julita, mboni a Zuze. Ndafotokoza zonse kuyambira Lolemba, ndipo ulendo uno chiganizo cha kununkhiza ndachikonza bwino. Pofika pa bakha wa m'ndowa yabuluu, Rozina wayamba kuseka. Waseka mpaka misozi. Kuseka kwatha, misozi yapitirira. A Julita ayang'ana kumwamba kwa mtengo, apukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, anyamuka. Patapita kanthawi abwera ndi mbale. Nsomba.

Pa mlandu wa ukwati: wosalakwa.

Koma kenako Rozina walowa m'nyumba. Ine ndimati ndasesa. Zimene wapeza, monga wazitchulira mokweza kuchokera m'katimo:

mapoto onse akuda, ena ali ndi zomera;
ukonde wa udzudzu uli ndi bowo lolowa mbuzi;
mankhwala anga a mtima, osatsegula chichokere iye;
dzira la bakha pa mpando wa mayi ake.

Mpando umenewo sindikhalapo, ndiye sindikanadziwa.

Watuluka, wapukuta manja. "Ababa, sutikesi yanu ili kuti?"

Ndanena za manda. Akuti a Julita azisesa. Ndanena za abakha. A Zuze akuti awasunga, mwachangu chimene sindinachikonde. Ndanena za kuchipatala, kuti Sisita alibe wotanthauzira. Rozina akuti m'chigwa muno aliyense ndi agalu omwe amamva Chisena. Ndati ndikuphunzira, ndafika kale potunga kupitirira theka la ndowa.

"Mukaphunzirira kwathu. Mpaka mvula igwe, kenako tidzaona."

Mawu akuti "tidzaona" ndimawadziwa. Ndinakhala nawo m'banja.

Lamulungu

Ndadzuka mochedwa. Pabwalo ndi posesa kale, mizere ya tsache yokhotakhota ngati kale. Bafa laima, lowongoka, a Zuze alimanga m'mamawa. Rozina ndi a Julita abwera kale kuchokera ku Ruo.

Ndili pabedi, ndikufufuza magalasi, ndamva munthu akugwada pakhomo.

"Ababa, madzi ali kubafa."

Mawu ake ndi omwe aja. Kutsika komweko pa mawu omaliza. Ndapitiriza kufufuza magalasi ali kale m'manja mwanga. Wadikira.

M'bafa: ndowa yathu, madzi okoma, sopo amene wabwera naye kuchokera ku Limbe, ndi chikho cha mayi ake chili kuyandama pamwamba, chotsukidwa. Chogwirira chake chinasalala pomwe pankakhala chala chawo. Changa sichikwanapo bwino, koma chikwana.

Ndachedwamo. Bafa lili ndi ubwino umodzi: madzi akamayenda kumaso palibe wofunsa kumene achokera.

Ndatuluka, thaulo m'khosi. Rozina ali chiweramire, akukwecha poto ndi mchenga. Osakweza ndi mutu womwe:

"Eya, tsopano mwakhala munthu."

Kaya wachita dala, kaya zangotuluka. Sindinafunse.

Kutchalitchi tapita nditangovala, thukuta lisanayambe ntchito. Pakhomo Sisita Nenita, abwerako kuboma, avala diresi yamaluwa. Andiona. Aima. Akweza mphuno.

"Ay, Aphunzitsi! Bagong ligo!"

Mokweza! Mayi Tomasi amva. Mlongo wa akatekisiti wamva. A Julita atseka maso ngati ayamba kale kupemphera. Mayi wina wachikulire wa kwaya, amene sindinalankhulepo naye, wandimwetulira mwachisoni, ndipo ndikuganiza kuti ndadziwa mwini ndowa yachitatu.

Ndiye ndakhoza. Koma bafa wamanga wina, madzi watunga wina, sopo ndi wa wina. Mwana wa sukulu akanandibweretsera ntchito yotere ndikanamulembera ndi inki yofiira kuti adzandione. Ndawauza Sisita zimenezi. Angoseka. "Nanga ife ana ankatitungira ndani? Mayi ankanunkhiza mutu, sankafunsa za ndowa."

Ndawauzanso kuti mawa ndinyamuka. Akuti ku Limbe kumazizira, ndisakasiye.

Madzulo tapita kumanda ndi Rozina. Ndawafotokozera amake zonse, za bakha zomwe. Ndawauza kuti ndi mpaka mvula igwe basi. Ndikuganiza kuti nawonso akuti tidzaona.

M'sutikesi:

malaya atatu;
mankhwala, otsegula tsopano;
mabuku amene Rozina walola, ndi awiri amene sanawaone;
khadi, poti ku Limbe nakonso kuli zipata;
mbewu za maungu pang'ono.

Pamwamba pa zonse ndaika chikho. Sutikesi ikukana kutseka bwino.

Rozina: "Ababa, chimenecho n'chachiyani? Kwathu kuli mpopi, madzi amagwa okha kuchokera kumwamba."

Ndati ndamva. Sindinachichotse. Wachiyang'ana kanthawi, kenako wachotsa malaya amodzi kuti chikwane.

Lolemba ndinawaseka Sisita. Chawo chinawoloka nyanja. Changa chingokwera sitima.